Chipatala Timachiyesa ndi Chiyani?

Tsiku lina m'nyengo ya dzinja, pamene malungo amakhala atafika pachimake, ndidaperekeza mlongo wanga ku chipatala china cha boma. Mwana wake wa zaka ziwiri adali atachezera usiku wonse thupi lili moto. Tidafika dzuwa lisanatuluke, komabe tidapeza mzere wa amayi utadzaza kale khonde lonse mpaka kukafika patsinde pa mtengo wa mango. Mlongo wanga adapeza malo pa benchi, ine ndidakaima chapatali ndi abambo ena awiri, monga timachitira amuna pamalo otere.

Nthawi itakwana 7 koloko, namwino wina wachikulire adatuluka. Iye sadayambe ndi kuitana amene adali kutsogolo. Adayenda pang'onopang'ono mumzere monsemo, kuvundukula nsalu ya mwana aliyense, kuona m'mene akupumira ndi kumuyang'ana zikhatho. Atafika kumapeto kwenikweni adaima pa mayi wina amene adali atangotsika kumene pa njinga ya kabaza. Adamuyang'ana mwanayo kamodzi kokha, nati, "Amayi, nditsateni msanga."

Pamenepo mzere wonse udayamba kung'ung'udza. "Ndiye kuti ife tabwera usikufe ndife opusa?" adatero mayi wina. "Chibale chimenecho," adavomereza mnzake. Namwino uja adatembenuka nayankha mofatsa kuti, "Pepani amayi. Mwana wanuyo akulira, ndiye kuti mphamvu akadali nazo. Uyu wasiya ndi kulira komwe."

Mawu amenewa sadandichoke m'mutu kuyambira tsiku limenelo, ndipo ndiwo andichititsa kulemba nkhani ino. Kwa amayi aja, chipatala chabwino ndi chimene chimatsata mzere. Kwa wandale, ndi chimene chili ndi nyumba zatsopano zoti akatsegule pamaso pa khamu. Kwa wosunga chuma, ndi chimene sichidapitirire bajeti. Nanga ife aphunzitsi, ndi inu achinyamata amene mwangotsiriza kumene sukulu, tikamanena kuti chipatala chikugwira bwino ntchito timachiyesa ndi chiyani? Maganizo anga ndi akuti chipatala chiyenera kuyesedwa ndi anthu amene chawachiritsa poyerekeza ndi chuma chimene chapatsidwa, ndipo kuti muyeso umenewu uli ndi phindu pokhapokha ngati owerengawo akuwerenga moona.

THUMBA NDI LOCHEPA

Tiyambe ndi thumba, pakuti ndi m'menemo mugona vuto. Ndalama zonse zimene zimapita ku zaumoyo m'dziko muno, kuphatikiza za boma, za maiko otithandiza ndi zotuluka m'matumba mwathu, tikazigawa kwa munthu aliyense sizifika madola 50 a ku America pa chaka. Ku Britain ndalama zomwezi zimapitirira madola 4,000. Komanso kwa zaka zambiri zoposa theka la ndalama zathuzi zakhala zikuchokera kunja, ndipo tidaona m'chaka cha 2025, pamene boma la America lidadula thandizo lake ndi kutseka bungwe la USAID, kuti chuma chopatsidwa ndi mnzako chimatha kuuma tsiku limene iwe sukuganizira.

Mu Epulo 2001 atsogoleri a maiko a mu Africa adakumana ku Abuja, m'dziko la Nigeria, nalonjeza kuti boma lililonse lizipereka ndalama zosachepera 15 pa 100 zilizonse za bajeti yake ku zaumoyo. Maiko ambiri, kuphatikizapo lathu, akhala akulephera kufika pa mlingo umenewu m'zaka zochuluka. Kulimbikitsa boma kuti likwaniritse lonjezo limeneli ndi koyenera. Koma pali mbali ina ya nkhaniyi imene sitikonda kuikamba. M'chaka cha 2010 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza kuti pa ndalama 100 zilizonse zimene maiko amaika ku zaumoyo, pakati pa 20 ndi 40 zimatayika osapindulira wodwala aliyense.

Kutayikaku si kuba kokha ayi, ngakhale kuba ndi katangale zili m'gulu lomwelo. Bungwelo lidatchulanso kugula mankhwala pa mtengo wokwera pamene ofanana nawo otsika mtengo alipo, mankhwala achinyengo, kupereka mankhwala pamene sakufunika, kugoneka m'chipatala anthu amene akadathandizidwa ndi kubwerera kwawo, kuwasunga masiku ochuluka mosayenera, ndiponso zolakwa zimene zimachititsa kuti wodwala athandizidwe kawiri pa nthenda imodzi. Munthu amene ndowa yake ikudontha angathe kupempha kuti chitsime chikumbidwe chozama, koma wanzeru amayamba wafufuza pamene pabooka. Kufufuza pobooka ndiyo ntchito ya kuyesa.

MASAMU A MABEDI

Miyeso imene akatswiri amagwiritsa ntchito si yovuta. Mwana wa Fomu 2 angathe kuiwerengera. Woyamba ndi kudzaza kwa mabedi: pa mabedi 100 alionse, ndi angati amene amakhala ndi wodwala usiku uliwonse? Akakhala ochepa kwambiri, ndiye kuti nyumba, magetsi ndi malipiro a ogwira ntchito zikungopita pachabe. Akakhala opitirira 100, monga zimachitikira m'mawodi a ana nthawi ya dzinja, ndiye kuti ena akugona awiriawiri ndipo ena pansi, ndipo matenda amafala mosavuta. Akatswiri ambiri amati chipatala chikapitirira mabedi 85 odzaza pa 100 chimayamba kusowa poika wodwala wadzidzidzi.

Muyeso wachiwiri ndi masiku amene wodwala amakhala m'chipatala. Tiyeni tichite masamu monga m'kalasi, ndi chipatala chongoyerekeza cha mabedi 200. Pa mwezi wa masiku 30, chipatala chimenechi chili ndi malo ogona 6,000. Ngati wodwala aliyense akhala masiku 6, chidzagoneka anthu 1,000. Ngati akhala masiku 5, chidzagoneka anthu 1,200. Anthu 200 oonjezerawo akadafuna wodi yatsopano ya mabedi 40, koma apeza malo popanda kuumba njerwa ndi imodzi yomwe. Tsono tsiku limodzi limeneli lingachoke kuti? Kawirikawiri si tsiku la kudwala, koma la kudikira: kudikira zotsatira za magazi, kudikira makina ojambulira amene aonongeka, kudikira dokotala woti asaine kalata yotulukira.

Tsiku limeneli lili ndi mtengo winanso umene sulembedwa m'mabuku a boma. Wodwala aliyense ali ndi womudikirira amene wasiya munda wosapalira, ana opanda wowaphikira, ndipo akugula nkhuni ndi ndiwo pa mtengo wa m'tauni. Chipatala chikasunga munthu tsiku losafunikira, chimadya chuma cha boma ndi cha banja pamodzi.

Muyeso wachitatu ndi ndalama zimene zimapita pa wodwala mmodzi, ndipo wachinayi, umene uposa onse, ndi zotsatira: pa odwala 100 ogonekedwa, atuluka amoyo ndi angati, amwalira ndi angati, ndipo abweranso ndi nthenda yomweyo pasanapite nthawi ndi angati? Miyeso itatu yoyambayo imatiuza za kuyenda kwa ntchito. Wachinayiwu ndiwo umatiuza ngati ntchitoyo yapindula.

MAYI WA NYALI ADALINSO MAYI WA MASAMU

Kuwerenga kotere kudayamba kalekale, ndipo amene adakulimbikitsa ndi munthu amene tonse tidamumva ku pulaimale. Florence Nightingale timamudziwa ngati namwino woyenda ndi nyali usiku pakati pa asilikali ovulala. Zimene sitiphunzitsa kawirikawiri ndi zakuti adali katswiri wa ziwerengero. Mu Novembala 1854, pa nthawi ya nkhondo ya ku Crimea, iye adafika ndi anamwino 38 pa chipatala cha asilikali a Britain ku Scutari, tsidya lina la madzi kuchokera ku mzinda wa Constantinople, umene lero ndi Istanbul. Adapeza asilikali akufa ngati ntchentche, ndipo ambiri sankafa ndi mabala a zipolopolo, koma ndi kamwazi, kolera ndi tayifodi.

Mu Febuluwale 1855 mabuku a chipatalacho adaonetsa kuti pa odwala 100 alionse, pafupifupi 42 ankamwalira. Mwezi wotsatira boma la Britain lidatumiza akatswiri a zaukhondo amene adatsuka ngalande za zonyansa zimene zidali pansi pa nyumbazo, adatsegula mipata yolowera mpweya, nakonza madzi akumwa. Pofika mwezi wa Juni imfa zidali zitatsika kufika pa anthu pafupifupi 2 pa 100. Nkhondo itatha, Nightingale adakhala pansi ndi katswiri wa ziwerengero William Farr, nasanthula mabuku onsewo. Adajambula chithunzi chozungulira chogawidwa m'miyezi, choonetsa ndi mitundu yosiyana imfa za mabala ndi imfa za matenda opeweka, kuti ngakhale nduna yosakonda masamu imve ndi maso. M'chaka cha 1858 adakhala mayi woyamba kulandiridwa m'bungwe la akatswiri a ziwerengero la Statistical Society of London.

Pambuyo pake adapempha kuti zipatala zonse zizilemba odwala awo m'njira yofanana, kuti anthu athe kuyerekeza chipatala china ndi chinzake ndi kuona ngati ndalama za opereka zikupindula. Phunziro la ku Scutari ndi lakuti chimene chinkapha asilikali chidali pansi pa mapazi a aliyense, koma chidaoneka bwino pokhapokha munthu atawerenga.

ZIMENE ZIDACHITIKA KU BLANTYRE

Tsono tibwerere kwathu, kwa namwino uja woyenda mumzere. Zimene ankachitazo sadazipeke yekha. Zili ndi mbiri yake, ndipo mbiri imeneyi idalembedwa kwambiri pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Chisanafike chaka cha 2001, ana odwala pa chipatalachi ankalandiridwa pa sikelo ya ana pamodzi ndi obwera kudzabayitsa katemera, ndipo ankaonedwa motsata m'mene afikira. Mwana wotheratu ankatha kukhala pa benchi kumbuyo kwa ana a chimfine. Madokotala, motsogozedwa ndi Pulofesa Elizabeth Molyneux, dokotala wa ana wochokera ku Britain amene adagwira ntchito ku Blantyre zaka zambiri, adaona kuti ana ambiri ankamwalira tsiku loyamba lomwe afikira.

Zimene adachita ndi zosavuta kuzifotokoza. Adakonzanso nyumba yolandirira ana kuti pakhale chipinda cha odwala mwakayakaya pafupi ndi khomo. Adaphunzitsa ogwira ntchito kugawa ana m'magulu atatu akangofika. Gulu loyamba ndi la ana osayenera kudikira ngakhale mphindi imodzi: amene akubanika, amene akomoka, amene azizira manja mtima ukugunda mofooka, ndi amene madzi awathera m'thupi chifukwa cha kutsegula m'mimba. Gulu lachiwiri ndi la oyenera kupita kutsogolo kwa mzere: khanda losakwana miyezi iwiri, mwana woyera zikhatho chifukwa cha kuchepa kwa magazi, wotupa mapazi onse awiri, wopsa ndi moto, kapena wakumwa poizoni. Gulu lachitatu ndi la amene angathe kudikira. Adalumikizanso bwino ntchito ya olandira ana ndi ya m'mawodi, kuti mwana asataike pakati.

Dongosolo latsopanoli lidayamba mu Januwale 2001, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa m'chaka cha 2006 m'magazini ya bungwe la WHO. Kale pa ana 100 ogonekedwa ankamwalira pakati pa 10 ndi 18. Zitasintha, chiwerengerocho chidatsika kufika pakati pa 6 ndi 8. Ndalama zidalowapo ndithu, zokonzera nyumba ndi kuphunzitsa anthu, koma sadabweretse mankhwala achilendo. Mankhwala adali omwe aja, malungo ndi chibayo zidali zomwe zija. Chimene chidasintha ndi chakuti thandizo lidayamba kufika msanga kwa mwana amene alifuna koposa. Njira imeneyi, yotchedwa ETAT, bungwe la WHO lidaikonza kukhala maphunziro m'chaka cha 2005, ndipo yaphunzitsidwa m'maiko ambiri. Akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo aka kadanoledwa pa Ginnery Corner pomwepa.

NTCHITO KWA WOIYENERA

Nzeru yomweyi, yofunsa kuti kwacha imodzi igula moyo wochuluka ikaikidwa pati, taiona m'mbali zina za zaumoyo m'dziko lathu. Sukulu yophunzitsa madokotala ya College of Medicine idatsegulidwa m'chaka cha 1991, ndipo mpaka lero madokotala ndi ochepa poyerekeza ndi anthu. Dziko silidadikire kuti achuluke. Kuyambira m'ma 1970 lakhala likuphunzitsa ma clinical officer, amene maphunziro awo ndi aafupi ndi otsika mtengo kuposa a dokotala. Koma kodi ntchito yawo ndi yodalirika? Funso limeneli silidayankhidwe ndi mkangano, lidayankhidwa ndi kuwerenga. Kafukufuku amene adasindikizidwa m'chaka cha 2007 adaunika maopaleshoni adzidzidzi oposa 2,000 a amayi oyembekezera m'zipatala 38 za m'dziko muno. Adapeza kuti 88 pa 100 alionse adachitidwa ndi ma clinical officer, ndipo kuti amayi adachira mofanana ndi amene adachitidwa ndi madokotala.

Chitsanzo china ndi malungo. Kale mwana aliyense wotentha thupi ankapatsidwa mankhwala a malungo, ngakhale kuti kutentha thupi kumabwera ndi matenda ambiri. Mankhwala a LA atayamba kuperekedwa m'chaka cha 2007, mchitidwe umenewu udakhala wokwera mtengo, ndipo m'chaka cha 2011 zipatala zidayamba kugwiritsa ntchito kachipangizo koyezera malungo ndi dontho la magazi a pa chala. Phindu lake ndi lapawiri: mankhwala sathera pa anthu opanda malungo, ndipo mwana amene akudwala chibayo sabwezedwa kunyumba ndi mankhwala a nthenda imene alibe.

Chitsanzo chachitatu ndi alangizi a zaumoyo a m'midzi, amene kuyambira m'chaka cha 2008 adapatsidwa udindo wothandiza ana odwala malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba m'midzi yakutali ndi chipatala. Mwana wothandizidwa tsiku loyamba pansi pa mtengo wa m'mudzi safuna bedi, ambulansi kapena botolo la magazi. M'chaka cha 1992, pa ana 1,000 obadwa amoyo m'dziko muno, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti chiwerengerochi chidatsika kufika pa 63. Zifukwa zake ndi zambiri: katemera, maneti oteteza ku udzudzu, mankhwala oteteza makanda ku HIV, ndi thandizo la m'midzi. Pafupifupi zonsezi ndi zinthu zotsika mtengo zimene zidafikitsidwa kwa anthu ochuluka.

CHIKOMEKOME CHA MKUYU

Pamenepa wina angaganize kuti manambala ndiwo mankhwala a zonse. Aphunzitsi anzanga mudziwa kuti si choncho. Sukulu zathu zimayesedwa ndi zotsatira za mayeso a MSCE, ndipo tonse tidamvapo za sukulu zimene zimakhozetsa pafupifupi ana onse chifukwa chakuti ofooka zimawauza kuti akalembetse mayeso kwina. Tidziwanso kuti si chilungamo kuyerekeza sukulu imene imalandira ana okhoza koposa m'dziko lonse ndi sukulu yoyendera ya m'mudzi imene ilibe ndi labotale yomwe. Nambala imanena zoona pa zimene yawerenga, koma siulula zimene zasiyidwa panja.

Ku chipatala ndi chimodzimodzi. Chipatala chachikulu, monga Kamuzu Central ku Lilongwe kapena Mzuzu Central, chimalandira odwala amene zipatala za m'maboma zalephera, kotero imfa zake zidzakhala zochuluka ngakhale chigwire ntchito bwino chotani. Nightingale yemwe adachenjeza kuti chipatala chingathe kuchepetsa imfa za m'mabuku ake pongotulutsa odwala otheratu kuti akafere kwina. Masiku okhala m'chipatala angathe kuchepa chifukwa anthu akutulutsidwa asanachire. Ndalama za pa wodwala mmodzi zingathe kutsika chifukwa mankhwala mulibe ndipo anthu akuuzidwa kukagula okha. Pa pepala zonsezi zimaoneka ngati kupita patsogolo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Dziko la Britain, ndi chuma chake chonse, lidaphunzira zimenezi mowawa. Pakati pa 2005 ndi 2009 akuluakulu a chipatala cha m'tauni ya Stafford adaika mtima pa kuchepetsa ndalama zogwiritsa ntchito ndi kukwaniritsa manambala amene boma linkafuna, monga lamulo lakuti wodwala wadzidzidzi athandizidwe pasanathe maola anayi. Adachepetsa anamwino, ndipo mabuku a chuma adaoneka bwino. Koma m'mawodi odwala ankasiyidwa m'zofunda zonyowa, ena osathandizidwa kudya ndi kumwa, ndipo pa khomo la odwala mwadzidzidzi ankaunika anthu ndi alembi amene sadaphunzire za chipatala. Abale a odwala ndiwo adayamba kufuula. Lipoti la loya Robert Francis, limene lidatuluka mu Febuluwale 2013, lidapeza kuti chipatalacho chidaika manambala ndi ndalama patsogolo pa odwala.

Taonani kusiyana kwa Blantyre ndi Stafford. Konsekonse anthu ankawerenga. Ku Blantyre adawerenga ana akufa nafunsa chimene angasinthe. Ku Stafford adawerenga ndalama ndi maola, naiwala kufunsa za munthu wogona pa bedi. Kuchepetsa ndalama ndi kugwiritsa bwino ntchito ndalama ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo amene azisokoneza amasunga kwacha nataya moyo.

GAWO LATHU

Nkhani imeneyi si ya akuluakulu a ku Capital Hill okha. Manambala amene unduna umagwiritsa ntchito pogawa mankhwala, anamwino ndi maambulansi amayambira m'kaundula wa pa chipatala chaching'ono, m'dzanja la munthu wotopa amene waona odwala tsiku lonse. Ambiri mwa inu amene mwangolemba mayeso mudzakhala anthu amenewo: alembi a kaundula, alangizi a zaumoyo, anamwino, oyeza magazi ndi opereka mankhwala pa zenera. Lidzafika tsiku limene mudzayesedwe kudzaza mizere yotsala ndi manambala a m'mutu kuti lipoti lipite pa nthawi yake, kapena kubisa imfa kuti bwana asakalipe. Dziwani kuti nambala yabodza imene mulemba pa mapeto a mwezi ndiyo idzachititse kuti mankhwala apite kumene akuchuluka kale ndi kusowa kumene akufunika. Safunsa adadya phula, koma wofunsa nayankhidwa bodza naye amadya phula lomwelo.

Kwa aphunzitsi anzanga, makamaka a masamu, pempho langa ndi lakuti tizitenga zitsanzo zathu pafupi. Pophunzitsa maperesenti ndi magirafu, m'malo mwa malalanje ndi mabasi a m'buku, tiyeni tiwapatse ana masamu a mabedi 200 aja. Tiwaonetse chithunzi cha Nightingale. Tiwafunse chifukwa chake chipatala chachikulu chingakhale ndi imfa zambiri koma ndi kukhala chabwino. Mwana amene waphunzira kufunsa kuti "nambalayi yawerenga chiyani, ndipo yasiya chiyani?" sadzanamizidwa msanga, kaya ndi wandale, wamalonda kapena mwini sukulu.

Ndipo kwa ife tonse amene timakhala m'makomiti a zipatala za m'madera mwathu, kapena amene timangopitako ngati odwala, pali mafunso amene tingafunse mwaulemu koma mosaopa. Mwezi wathawu, ndi masiku angati amene mankhwala a malungo mudalibe? Mwana wodwala kwambiri amadikira nthawi yotalika bwanji asanaonedwe? Mwa ana amene amwalira, ndi angati amene amwalira tsiku loyamba? Ambulansi ikaitanidwa imafika patapita maola angati? Mafunso otere si mlandu kwa ogwira ntchito, amene ambiri mwa iwo amasenza katundu wa anthu atatu. Amawathandiza kuonetsa akuluakulu pamene ndowa ikudontha, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Tsiku lija mwana wa mlongo wanga adaonedwa cha m'ma 11 koloko. Adamuyeza pa chala, adampeza ndi malungo, ndipo tidalandira LA pa zenera. Maola onsewa pa benchi ndi nthawi yaitali, ndipo sindinena kuti kudikira kotere ndi koyenera. Koma potuluka tidakumana ndi mayi wa pa kabaza uja pa mpopi, akutsuka kapu. Mlongo wanga, amene m'mawa adang'ung'udza nawo, adamufunsa kuti, "Nanga mwana ali bwanji, amayi?" Mayiyo adayankha kuti, "Amuika magazi, achemwali. Watsegula maso, ndipo wayamba kulira." Akadatsata mzere, chipatalacho chikadaona ana ochuluka chimodzimodzi tsiku limenelo, ndi mankhwala omwewo, ndi anamwino omwewo, ndipo m'kaundula wa odwala nambala ikadakhala yomweyo. Kusiyana kukadaoneka m'buku lina.

M'gawo lotsatira tidzalondola ulendo wa mankhwala kuchokera ku nkhokwe za Central Medical Stores mpaka pa zenera la chipatala cha m'mudzi.